Nyama ya ku Sinza, nkhupakupa ya kubusa

Dzuwa likamapendeka mu Dar es Salaam, utsi umayamba kufuka m'mbali mwa msewu wa Shekilango. Kumeneko ndi ku Sinza, dera lomwe eni mzindawo amalitcha "kwa wajanja", ndiye kuti kwa ochenjera. Mabala ali ndandanda uku ndi uku, ndipo pafupifupi paliponse pali mnyamata wa mpeni wakuthwa amene akutembenuza nyama pamakala. Ife timati kanyenya, iwo amati nyama choma. Amalawi opita kukaoda katundu ku Kariakoo ambiri fungo limeneli amalidziwa.

Koma mu Sinza simungaone ng'ombe ikudya msipu. Mapuloti ake adadulidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero ndi nyumba, mashopu ndi malo ogona alendo zokhazokha. Nyama ili pamotoyo yachokera kutali: ku Shinyanga, Tabora, Singida kapena Dodoma, pa malole, mpaka pamsika waukulu wa ng'ombe wa Pugu, kenako kophera ngati ku Vingunguti, ndiyeno kubutchala. Kalembera wa 2022 adapeza kuti mzindawu uli ndi anthu oposa 5 miliyoni, ndipo kalembera wa zaulimi wa 2019/20 adawerenga ng'ombe 33.9 miliyoni m'dziko lonse la Tanzania. Ife kuno ku Malawi tili nazo pafupifupi 2 miliyoni basi.

Wodya ku Sinza amadalira chidindo cha woyeza nyama. Chidindocho chimabwera kumapeto kwenikweni. Zaka zitatu kapena zinayi zimene ng'ombeyo idakhala ndi moyo, thanzi lake lidali m'manja mwa munthu mmodzi amene wodyayo sadzamuona: mlimi. Kodi mlimiyo amadziwa chiyani za matenda a m'khola mwake? Ndipo ngati akudziwa, n'chifukwa chiyani kawirikawiri amadikira kuti ng'ombe igone kaye asanachitepo kanthu?

Matenda alendo ndi matenda eni mudzi

Matenda a ng'ombe alipo a mitundu iwiri tikaona mmene anthu amawalandirira. Ena amabwera ngati nkhondo. Mliri wa rinderpest udalowa mu Africa kudzera padoko la Massawa cha m'ma 1887, ndipo m'zaka za m'ma 1890 udasesa makola kuchokera ku Ethiopia mpaka ku South Africa, osasiya chigwa cha Karonga. Nthenda yotere aliyense amaiopa. Maboma adagwirizana, katemera adapezeka, ndipo mu 2011 dziko lonse lapansi lidalengeza kuti rinderpest yatha.

Ena sabwera, chifukwa sachoka. Ndi eni mudzi: chigodola, zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, nthenda ya m'mapapo, zotupa za pakhungu, kaodzera wofala ndi ntchentche za kashembe, njoka za m'mimba, kutupa kwa bere, kupoloza. Amenewa samaliza khola tsiku limodzi. Chaka chino atenga ana awiri, chaka chamawa achepetsa mkaka, chaka chinacho aondetsa ng'ombe yapagoli nthawi yeniyeni yolima. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Mlimi amene adabadwa n'kupeza kuti nyengo ya mvula ana a ng'ombe amafa, amayamba kuwerengera imfayo pamodzi ndi matope ndi udzudzu, ngati gawo chabe la dzinja. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Nthenda ya mlendo anthu amaithamangitsa. Ya mwini mudzi amaizolowera.

Chigodola ndi doko la Dar es Salaam

Mfumu ya matenda okhazikikawa kuno kwathu ndi chigodola. Aswahili amati ndigana kali, Amasai amati oltikana. Kachilombo kake, Theileria parva, kamayenda ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kumata kukhutu kwa ng'ombe. Nkhupakupayi imayamwa nyama zitatu pa moyo wake. Ikadali kamwana imatenga kachilombo pa ng'ombe kapena njati, n'kugwera m'udzu, n'kufundula, kenako n'kukwera ng'ombe ina. Ikayamwa masiku angapo, malovu ake amasiya nthendayo m'thupi.

Choyamba kuoneka ndi mwanabere pansi pa khutu lolumidwalo. Kenako thupi limatentha, ng'ombe imasiya kudya ndi kubzikula, maso amalengeza misozi, mpweya umavuta. Pomaliza mapapo amadzaza madzi, thovu n'kumatuluka m'mphuno. Kuyambira pamene nkhupakupa idaluma, masabata atatu kapena anayi amakwana. Ng'ombe zachizungu zikapanda kulandira mankhwala zimafa pafupifupi zonse. Akatswiri a bungwe la ILRI ku Nairobi amayerekeza kuti nthendayi imapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa.

Mbiri yake idadutsa mumzinda womwewu wa Dar es Salaam. Mu 1897 dokotala wa ku Germany, Robert Koch, adaona tizilomboti m'magazi a ng'ombe ku Dar es Salaam, ngakhale adaganiza kuti ndi ana a kachilombo kena kodziwika kale. Rinderpest itamaliza makola a kum'mwera, azungu adayamba kuitanitsa ng'ombe zobwezeretsa, ndipo mu 1901 zina zochokera kugombe la kum'mawali zidatsikira pa Beira. Posakhalitsa ng'ombe zidayamba kufa ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, ndipo nthendayo idatsikira mpaka ku Transvaal ndi Natal. Dzina lake lachingerezi loti East Coast fever lidachokera kugombe la kum'mawa lija. Arnold Theiler ndiye adatsimikiza kuti ndi nthenda yapayokha, ndipo kachilomboko kadatengera dzina lake. South Africa idalimbana nayo zaka zoposa 50, ndi dibi lokakamiza, mipanda, kuletsa kuyendetsa ng'ombe komanso kupha makola athunthu, mpaka idatha chapakati pa zaka za m'ma 1950.

Zimene mlimi amadziwa

Anthu ophunzira amakonda kunena kuti vuto ndi umbuli. Amene amatero sadakhalepo pakhomo la khola m'mamawa. Agogo anga aamuna ku Dowa sankatha kulemba dzina lawo, koma ng'ombe zikamatuluka ankaima pambali, ndodo ili kumsana, akuyang'ana imodzi ndi imodzi. Tsiku lina adandiimitsa ndili kale panjira ya kudambo.

"Iwe, bweza kamwana kofiirako."

"Kali bwinobwino, agogo. Kakuyenda."

"Kakuyenda inde. Taona khutu lakumanzere mmene lagwera. Tagwira pansi pakepo."

Nditagwira ndidapeza chotupa ngati dzira la nkhuku. Iwo adali atachiona ali patali mamita khumi.

Nzeru yotere ili paliponse pamene pali ng'ombe. Amasai amadziwa kuti nyumbu zikamaswa, ng'ombe zodya pamalo amenewo zimadwala nthenda yoopsa ya m'maso ndi m'mphuno, choncho nyengo imeneyo amasamutsa ziweto, n'kusiya msipu wabwino. Sayansi idabwera pambuyo kudzavomereza. Abusa a kumadzulo kwa Africa adali ndi katemera wawo wa nthenda ya m'mapapo: ankadula kachidutswa ka phapo la ng'ombe yodwala n'kukalowetsa pansi pa khungu la pamphuno pa yamoyo. Alimi oyandikana ndi nkhalango za Vwaza, Kasungu ndi Nkhotakota amadziwa malire a kashembe kuposa mapu. Uku si kuchiza, ndi kupewa kwenikweni.

Komabe nzeru ya m'maso ili ndi polekezera. Imagwira bwino nthenda yaphokoso, yotupitsa kapena yotsimphinitsa. Nthenda yachete imaidutsa. Ng'ombe yokhala ndi brucellosis imadya bwino, imanenepa, kenako imangopoloza mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Mlimi amati idagundidwa ndi inzake, kapena idadya pulasitiki, kapenanso pali dzanja la munthu. Mwana wakufayo amamunyamula ndi manja opanda kanthu n'kuponyera agalu, chonsecho m'thupi lake ndi m'madzi obadwira nawo ndimo muli tizilombo tochuluka. Mkaka wosawiritsa umapereka nthendayo kwa anthu. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe nachonso chimayenda mwakachetechete chomwecho.

Pamenepa si mlimi yekha amene saona. Ofufuza ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, adatsatira odwala 870 ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutentha thupi m'zaka za 2007 ndi 2008. Pa anthu 100 alionse, oposa 60 adauzidwa kuti akudwala malungo, koma atayezedwa mozama, amene adali ndi malungo enieni sadakwane awiri. Pafupifupi mmodzi mwa anayi adali ndi matenda ochokera ku nyama, kuphatikizapo brucellosis. Ngati wovala gauni loyera adasokonezeka, tingamudzudzule bwanji mbusa?

Chinthu china chimene chimasowa ndi ulalo wa pakati pa nkhupakupa ndi nthenda. Ambiri amadziwa kuti nkhupakupa zimayamwa magazi ndi kuwononga mawere. Amaona zikuluzikulu zokhuta zija, n'kuzithothola ndi manja. Koma tiana tating'ono ngati njere za fodya, tobisala m'khutu, timene tingathe kupereka nthenda, sitiwerengedwa. Ng'ombe imaoneka yoyera pamene chigodola chalowa kale.

Dibi ndi zipsera zake

Aliyense amene adakulira kumudzi zaka za m'ma 1980 akukumbukira tsiku la dibi. Tinkadzuka nkhuku zisanatsike, mame ali thoo, makola a midzi isanu n'kukumana panjira imodzi. Fungo la mankhwala linkatilandira tisanafike. Ng'ombe zinkalowa mumpanda wopapatiza, yakutsogolo n'kuima pamphepete ikunjenjemera, mpaka ya kumbuyo iigunde. Phava! Mutu umire, kenako mphuno itulukire ikufwenthera, isambire mpaka kutsidya. Mlangizi adali pambali ndi buku lake, akuwerenga.

"Bambo, sabata yatha zidali khumi ndi ziwiri. Ina ili kuti?"

"Yapita kumaliro, alangizi."

Dibi silidali bafa la ng'ombe lokha. Pamenepo ndi pamene boma linkaona chiweto chilichonse sabata ndi sabata, pamene nthenda yatsopano inkadziwika isanafale, pamene mlimi ankafunsa funso popanda kulipira thiransipoti. Ndondomeko zochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito zitafika m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Tanzania, Malawi ndi Zambia onse adasiya kugula mankhwala a dibi, n'kuuza alimi kuti aziyendetsa okha kudzera m'makomiti. Ochepa adakwanitsa. Dibi la kwathu lero muli achule, ndipo malata a padenga adapita kalekale. Chidatayika si madzi a mankhwala okha. Adatayika ndi maso aja.

Koma tisalikometse dibi mopitirira. M'madera ambiri lidabwera ndi chikwapu. Atsamunda ankaligwiritsa ntchito powerengera ng'ombe, ndipo kuwerenga kunkatsatidwa ndi msonkho kapena lamulo lochepetsa ziweto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 alimi a ku Iringa adakana dibi lokakamiza mpaka ndondomekoyo idagwa, pa nthawi imene chipani cha TANU chomenyera ufulu chinkakula. Mu 1959 amayi a ku Natal, amene ankakakamizidwa kutungira madzi m'madibi osalipidwa, adagumula madibi ambiri. Mlimi wa lero akamazengereza kunena chiwerengero cha ng'ombe zake, kapena akamabisa zina tsiku la katemera, musafulumire kumutcha wosamva. Adamva kwa agogo ake kuti wowerenga ng'ombe zako sabwera chimanjamanja, ndipo sabwerera chimanjamanja.

Palinso phunziro lina lowawa. Ng'ombe zachikuda, zalinunda zija, zikalumidwa ndi nkhupakupa zochepa zikadali zazing'ono, zambiri zimadwala pang'ono n'kuchira, thupi n'kukhwima moyo wonse. Dibi la sabata ndi sabata limachotsa mwayi umenewo. Ku Zimbabwe ng'ombe zidasamba mokhulupirika zaka makumi ambiri, ndiye nkhondo ya ufulu itasokoneza madibi m'zaka za m'ma 1970, pafupifupi 1 miliyoni zidafa, makamaka ndi matenda a nkhupakupa. Kuyambira cha m'ma 2017 dzikolo laonanso makola akutha ndi nthenda imene amaitcha January disease, mbale wake wa chigodola, madibi atafookanso. Kusambitsa modumphadumpha nthawi zina kumaposa kuipa kusasambitsa n'komwe. Mlimi amene amati "dibi lidafooketsa ng'ombe zathu" sakunama kwenikweni. Wangoona theka la choonadi.

Masamu a pakhola

Tonse timaimba kuti kupewa kumaposa kuchiza. Koma taganizani mmene mawuwa amamvekera kwa munthu amene ali ndi ndalama yokwana chinthu chimodzi chokha mwezi wa Januwale, feteleza akufunika, fizi ikufunika, ufa watha. Akagula mankhwala opopera, ng'ombe zikhala monga zidalili dzulo. Palibe choonetsa. Akabaya jakisoni ng'ombe yogona n'kudzuka, mudzi wonse uona. Phindu la kuchiza limaoneka ndi maso. Phindu la kupewa ndi maliro amene sadachitike, ndipo maliro osachitika palibe amawasimba.

Chachiwiri, kwa alimi ambiri ng'ombe si bizinesi yolowetsa ndalama mwezi ndi mwezi. Ndi banki, ndi malowolo, ndi ngolo, ndi ndowe za kumunda, ndi ulemu pamaliro. Munthu atha kukhala ndi ng'ombe makumi atatu koma m'thumba mulibe ya botolo limodzi la mankhwala, ndipo kugulitsa imodzi kuti ateteze zotsalazo kumamveka ngati kugumula khoma la nyumba kuti upeze njerwa zokonzera khonde. N'chifukwa chake alimi a mkaka, monga a m'magulu a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo, amasamala kwambiri za kupopera. Si kuti ndi anzeru kuposa anzawo a ku Mzimba. Iwo ng'ombe ikadwala lero, chidebe cha mawa chichepa, ndipo ndalama yogulira mankhwala imalowa mwezi uliwonse.

Chachitatu, nkhupakupa sidziwa mwini ng'ombe. Dambo ndi limodzi, chitsime ndi chimodzi, nkhunzi ndi imodzi. Iwe upopere zako Loweruka lililonse, mnzako osapopera, Lolemba zikakumana kubusa. Ukatero kawiri katatu umayamba kudzifunsa kuti ukuvutikiranji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khola limodzi silithetsa nthenda ya dambo lonse.

Chachinayi ndi mtunda. Dokotala wa ziweto ali kuboma, mlangizi mmodzi ali ndi midzi yosawerengeka, njinga yamoto ilibe mafuta. Chapafupi ndi kashopu ka mankhwala a ziweto kapena wogulitsa pamsika. Choncho mlimi amasanduka dokotala. Oxytetracycline amabayidwa pa nthenda iliyonse, muyezo wake wongoyerekeza ndi maso. Mankhwala enieni a chigodola, buparvaquone, ndi odula ndipo amathandiza akaperekedwa msanga, pamene mlimi amayamba wayesa zotchipa masiku atatu. Mankhwala opopera amasungunulidwa mopitirira kuti botolo likhalitse; madzi a ng'ombe ziwiri amawaza khola lonse, m'makutu ndi pansi pa mchira osafikamo. Nkhupakupa zopulumuka zimaswa ana osamva mankhwala. Ku Uganda vutoli lidakula mpaka alimi ena adayamba kuthira ng'ombe mankhwala a mbewu. Ndipo mkaka wa ng'ombe yobayidwa dzulo, umene umayenera kutayidwa masiku angapo, umapita kumsika. Autaye ndani, ana akudikira ndalama ya ndiwo?

Chachisanu ndi chilango cha wonena zoona. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena Nsanje, boma limatseka misika ya ng'ombe ndi kuletsa kupha kapena kuyendetsa ziweto. Pa sayansi n'zoyenera. Koma amene adakanena uja amasanduka mdani wa mudzi, chifukwa kwa miyezi palibe angagulitse ng'ombe yolipirira sukulu, ndipo chipukutamisozi palibe. Nthendayi kawirikawiri sipha ng'ombe zazikulu. Zimatsimphina, kudontha dovu, kenako n'kuchira. Ndiye mlimi amayeza: masabata atatu a kutsimphina, kapena miyezi itatu ya msika wotseka? Ambiri amakhala chete. Ena amagulitsa msanga yodwalayo isanaonekere, n'kuikweza lole usiku. Umo ndi mmene nthenda ya dambo limodzi imafikira pamsika waukulu.

Katemera wa ku Lilongwe

Umboni woti alimi sakana kupewa uli m'nkhani ya katemera wa chigodola. Adapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ku Muguga, pafupi ndi Nairobi. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya abusa akale aja: mwana wa ng'ombe amabayidwa tizilombo tamoyo totengedwa m'nkhupakupa zoperedwa, nthawi yomweyo n'kubayidwanso oxytetracycline wokhalitsa m'thupi. Amadwala pang'ono, n'kukhala wotetezeka moyo wake wonse. Zambia ili ndi mitundu yakeyake ya katemerayu: wa Katete kuchigawo cha kum'mawa ndi wa Chitongo kum'mwera. Ndipo chimene Amalawi ambiri sadziwa n'chakuti malo opangira katemerayu a bungwe la African Union, otchedwa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ali mu Lilongwe momwemu, ndipo ntchito yopanga katemera wa Muguga idakhazikitsidwa kumeneko mu 2014.

Katemerayu ndi wovuta. Amasungidwa mu nayitulojeni wamadzi wozizira koopsa, kachubu kamodzi kamakwana ana a ng'ombe pafupifupi 40, ndipo kakasungunuka kayenera kutha m'maola ochepa. Mtengo wake si wamasewera. Koma atafika kwa Amasai a kumpoto kwa Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu omwe ankanenedwa kuti ndi okakamira zamakolo adayamba kulipira ndi ndalama zawo. Chifukwa chake n'chosavuta. Adaona ana otemeredwa akupulumuka dzinja limene anzawo ankafa. Ng'ombe yotemeredwa inkaikidwa chizindikiro kukhutu, ndipo pamsika chizindikirocho chidayamba kukweza mtengo. Kupewa kudapeza nkhope.

Yerekezani ndi akatemera ena. Wa nthenda ya m'mapapo, imene idalowanso mu Tanzania mu 1990 kudzera ku Loliondo, amafuna kubwereza chaka ndi chaka, ndipo nthawi zina amatupitsa pobayapo, mwinanso mchira kuduka. Ng'ombe imodzi ikatero, mbiri imayenda midzi khumi. Wa zilonda za m'kamwa amateteza miyezi yochepa chabe, ndipo kachilomboko kali ndi mitundu ingapo. Mu Tanzania mumazungulira O, A, SAT 1 ndi SAT 2. Katemera wa mtundu umodzi sateteza ku unzake. Mlimi amene adatemera, ng'ombe n'kudwalabe, akanena kuti katemera sagwira ntchito, akunena zimene adaona. Chimene sadauzidwe n'chakuti dzina limodzi likubisa adani anayi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 wochokera kumadera ozungulira Serengeti adaonetsa kuti mitunduyi imabwera mosinthana ngati mafunde, ndipo kumeneko imayenda kwambiri ndi ng'ombe zomwe, osati njati. Kwathu ku Chigwa cha Shire njati za ku Lengwe zimatchulidwa kawirikawiri, koma kumpoto, ku Karonga ndi Chitipa, ng'ombe zimawoloka Songwe osafunsa za pasipoti.

Boma la Tanzania layambanso kubwerera pamene lidachoka. Lili ndi malo opangira katemera wa ziweto ku Kibaha, ndipo mu Juni 2025 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan adakhazikitsa ku Bariadi ntchito yotemera ziweto ndi kuziika zizindikiro m'dziko lonse, boma likulipirako gawo la mtengo. Mayeso ake enieni sakhala tsiku la mwambo. Akhala chaka chachitatu ndi chachinayi, ngati wobaya uja adzabwerenso pa nthawi yake, katemera ali wozizira.

Ng'ombe za kuseri kwa mpanda

Dar es Salaam nayo ili ndi alimi ake. Kuyambira nthawi ya mavuto a chuma a m'ma 1980, ogwira ntchito m'boma ambiri adayamba kusunga ng'ombe za mkaka kuseri kwa nyumba, ndipo malamulo a mzinda ankalola zosapitirira zinayi, zodyera m'khola. Lero zambiri zili m'mphepete, monga ku Kimara, Mbezi, Tegeta ndi Kitunda, ndipo mkaka wake umalowa m'madera ngati Sinza m'zigubu pa njinga zamoto. Eni ake ndi anthu ophunzira, ena ndi madigiri. Kodi matenda adatha kumeneko?

Ayi. Ambiri amakhulupirira kuti ng'ombe yosatuluka m'khola singalumidwe ndi nkhupakupa, kuiwala kuti udzu womwetedwa m'mbali mwa misewu ndi m'madambo umabwera nazo. Ndiponso mwini ng'ombe, amene amapita kumaphunziro a alangizi, si amene amakama. Amakama ndi mnyamata waganyu wochokera kumudzi, amene palibe adamuuzapo kuti ng'ombe ya bere lotupa izikamidwa pomaliza, kapena kuti kansalu kamodzi kopukutira mawere onse ndiko kamafalitsa nthenda. Nzeru ili m'nyumba yaikulu, manja ali kukhola. Kumidzi kwathu n'chimodzimodzi: kumsonkhano kumapita bambo, koma amene amaona ng'ombe tsiku lonse ndi mwana wobusa, ndipo amene amasamala mkaka ndi mayi.

Kubwerera pamakala

Anthu a mu Dar es Salaam adakumbutsidwapo kuti khola lili pafupi. Mu 2007, nthenda ya Rift Valley fever itabuka pambuyo pa mvula yochuluka n'kupha ziweto ndi anthu m'zigawo ngati Dodoma, ambiri mumzindawu adaleka kudya nyama ya ng'ombe ndi mbuzi, ndipo owotcha nyama adaona mipando ili mbee. Mliri utadutsa, anthu adabwerera pamakala, nkhani ya thanzi la ng'ombe n'kuiwalika. Wamumzinda nayenso ali ngati mlimi uja: amaopa nthenda ya mlendo, ya mwini mudzi saiwerengera.

Tikasonkhanitsa zonsezi, chithunzi cha mlimi wosadziwa ndi wosamva chimagwa. Pali zimene sadziwa ndithu, makamaka matenda achete ndi njira zimene amadutsa kufika kwa anthu, ndipo pamenepo maphunziro akufunika, operekedwa kwa wokama ndi wobusa, m'chinenero chawo, pakhola osati m'holo. Koma pa matenda ambiri mlimi amadziwa, ndipo kuzengereza kwake ndi masamu a munthu amene adayesapo n'kupsa. Amapewa pamene chida chikugwiradi ntchito, pamene chikupezeka chaka chino ndi chamawa, pamene anzake a dambo limodzi akuchita nawo, pamene kunena zoona sikumusandutsa mdani wa mudzi, ndiponso pamene msika ukulipira kusiyana kwa ng'ombe yotetezedwa ndi yosatetezedwa. Chimodzi mwa izi chikasowa, mapepala a uthenga angachuluke bwanji, amathera kukulungira fodya.

Mfundo yomalizayo ikutikhudza ife odya. Pa Pugu, monganso m'misika ya kwathu, wogula amagwira msana ndi ntchafu za ng'ombe, n'kutchula mtengo. Safunsa ngati idatemeredwa, kapena idabayidwa liti mankhwala. Wabutchala safunsa, wowotcha safunsa, ifenso timangoti, "Achimwene, ikhale yofewa, tsabola pambali." Mlimi amene adawononga ndalama kupewa ndi amene sadawononge amalandira mofanana. Ndiye tikumuphunzitsa chiyani?

Kamwana kofiira kaja kadafa patatha masiku asanu ndi anayi. Agogo adali atatuma amalume panjinga kukafuna alangizi tsiku lomwelo, koma adapeza kuti apita kumsonkhano kuboma, ndipo atabwera mankhwala oyenera padalibe. Madzulo ake agogo adakhala pachitsa pafupi ndi khola, osayankhula. Nthenda adaiona pa tsiku loyamba, dzina lake ankalidziwa, chochita ankachidziwa. Pa zonse zimene zidasowa sabata imeneyo, nzeru sidali m'gulumo.